Abwana Akwere Nawo Vani

Oshawa, Canada,
Lachisanu masana

Zione mwana wanga, Nangozo,

Ndine bambo ako ndikulemba, munthu amene chibadwire ndinalembapo kalata imodzi yokha, ija ndinakopera amayi ako ku Ntcheu, imene mpaka lero akaikumbukira amapsereza ndiwo. Ndalemba m'Chichewa dala kuti uwerenge pang'onopang'ono. Ndikanalemba Chizungu ukanangoyendetsa maso ngati uthenga wa pafoni n'kundiyankha ndi kachala kamodzi koloza kumwamba. Pomwe pakuvute uwafunse amuna ako a Tembo. Chinyanja chawo cha ku Chipata chimayenda chokhotakhota, koma chimafika.

Za banja sindinenapo kanthu. Azakhali ako ndi amayi a kutchalitchi anakutsekera m'chipinda maola anayi ukwati usanachitike, ine atandithamangitsira kubesimenti, kuchipinda chapansi pa nyumba, ngati mphaka. Zimenezo zinatha. Yanga ndi imodzi: Abwana. Eya, chitsamba changa cha anisi chili m'chimphika kuseri kwa nyumba, chomwe iwe umachitcha mtengo wa nsomba. Mawa m'mawa vani ikubwera kudzanyamula katundu wako kupita ku Oakville, ndipo ndikufuna Abwana akwere nawo. Ndikudziwa unakana. Sabata yatha unandiyankha ndi Chizungu chothamanga ngati sitima, ndinangotolapo mawu amodzi, oti ayi. Koma pafoni akuti chisanu choyamba chigwa Lachitatu, ndipo chaka chino Abwana akatsala kuno afa. Chifukwa chake ndinena, ndikungochizungulira kaye. Werenga mpaka kumapeto, ndiye ukanenso ngati mtima wako ndi wa konkire.

Ndayamba kulemba nditakhala patebulo, pano ndaimirira pakauntala. Zilembo zikapendama usadabwe.

Iwe unali ndi zaka khumi ndi ziwiri pomwe Abwana anabwera. Ndinapita ku shopu ya maluwa ku Markham kukafuna mbande za tomato. Jekete langa linakhudza kachitsamba kena, ndipo fungo lomwe linatuluka linandiimitsa ngati wapolisi. Maswiti akuda ozungulira aja, a m'botolo lalikulu pa golosale ya pa Kampepuza, omwe ankatidetsa lilime tikamachokera kusukulu! Ndinathyola tsamba, kulifikisa, kununkhiza, kuthyolanso lina. Mzimayi wogulitsa anabwera n'kuti, "Bambo, mumaliza mtengo wonse. Komanso ameneyu kwawo ndi kotentha, kum'mwera kwa America. Kuno savomera wamba." Ine ndinati, "Mayi, mukulankhula ndi munthu amene analimapo chimanga pathanthwe chikumabereka ziwiriziwiri." Tomato ndinamuiwala komweko.

Kulakwa kwanga koyamba kunali dzuwa. Ndinafika pakhomo n'kuunga mzere pakati penipeni pa kapinga, wautali bwino, wa mlimi weniweni, pomwe dzuwa limamenya kuyambira m'mawa mpaka kulowa. Aneba anasuzumira pampanda kuyesa ndikukwirira galu. Ine maganizo anga anali akuti chomera chilichonse ndi chimanga, chimafuna dzuwa ndi kubandira. Patatha sabata ziwiri masamba anagwa makutu ngati mbuzi yodwala, m'mbali mwake mutapsa. Ndinabwerera kwa mzimayi uja kukadandaula kuti anandigulitsa mtengo waulesi. Anandifunsa, "Munaubzala pati?" Nditamuuza anagwira pamutu. Kumeneko ndiye kunachokera dzina. Ndinati chinthu chosafuna dzuwa, chongokhala pamthunzi anzake akugwira ntchito, si Abwana amenewa? Ndiye umve, Zione: mthunzi. Pansi pa mitengo, kapena kuseri kwa nyumba komwe kumafika kadzuwa kam'mawa kokha. Tsiku lomwe munatitengera kukaona nyumba yanu, unayesa ndasochera pofuna chimbudzi. Ndinali kuseri ndikuyeza ndi mapazi. Pakona pa mpanda, pansi pa mitengo iwiri ikuluikulu ija, pomwe mphepo siwomba, ndi pamalo pawo. Mthunzi, usaiwale.

Kulakwa kwachiwiri kunali phulusa. Nditawasamutsira pamthunzi ndinati ndiwapepese. Kwathu chomera chikafooka umathira phulusa, ndiye ndinakokolola lonse la pa chowotchera nyama, n'kuwonjezerapo feteleza wodzadza dzanja, kubowola pambali ndi kamtengo monga tichitira m'munda. Masamba anasanduka achikasu ngati nthochi yakupsa, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Kumeneko ndi komwe ndinaphunzira kuti nthaka nayo ili ndi yowawasa ndi yosawawasa, ndipo Abwana amafuna yowawasa. Phulusa limapha kuwawasako. Usati ulawe dothi, ine ndinalawa kale m'malo mwako, silimveka kanthu. Uzingowaunjikira masamba a paini ndi masamba ena owolerana pamwamba pa dothi. Feteleza ndi kamodzi pachaka, kukayamba kufunda, pang'ono chabe ngati mchere wa m'ndiwo, ndipo thumba la mtundu wake ndalimangirira kale kuchimphika. A Tembo amakonda kuwotcha nyama, ndawaona. Uwauze phulusa lawo azikataya kwina.

Taima, ndikaone ngati chingwe chomwe ndamangira nthambi sichinamasuke.

Ndabwerako. Chili bwino, mfundo zanga sizimasuka, ngakhale zombo zikanamandilemba ntchito. Pano ndakhala pa ndowa m'galaja, pepala lili pabondo.

Za madzi ndisaiwale. Dothi lizikhala ngati thaulo lomwe walifinya, lonyowa koma losadontha. Pisa chala mpaka pa mfundo yachiwiri. Likauma, thira. Abwana akamva ludzu sabisa, masamba onse amalendewera ngati munthu wolandira uthenga wa maliro, koma ukawapatsa madzi pofika madzulo adzukanso. Amakonda sewero, anatengera mwini wake.

Kulakwa kwachitatu ndiye kwa nyengo yozizira. Pakapepala komwe kanabwera ndi mtengo analembapo kuti sugwetsa masamba chaka chonse. Ine ndinamva ngati akuti ndi wolimba ngati mapaini a kuno. Ndinawasiya panja. Mu Januwale kunabwera mphepo ija yodula makutu, ndipo m'mawa wina ndinapeza masamba atapiringizika, akuda bii. Ndinathamangira m'nyumba, kuwiritsa madzi m'ketulo, kukawathira patsinde kuti afundidwe. Ndinathira maketulo asanu ndi limodzi. Pofika masana panali chigumu cha ayezi choti ana akanamaseweretserapo nsapato zawo zotsetsereka zija, ndipo woyamba kugwapo ndinali ine. Kenako ndinawafunditsa bulangete la amayi ako la ukwati. Nkhondo yomwe inabuka pamenepo siyolemba m'kalata. Nthambi zonse zinafa, koma kutafunda kunatuluka timphukira tiwiri pansi penipeni. Ndinavina pakapinga nditavala pijama. M'pamene ndinawaika m'chimphika.

Chaka chotsatira ndinalakwitsa mbali inayo. Ndinati popeza amaopa kuzizira, alowe pabalaza azionera nafe TV pafupi ndi hita. Mpweya wouma uja unawayoyola masamba tsiku ndi tsiku mpaka amayi ako anati asankhe, mtengo kapena iwo. Choncho malo awo ndi galaja, Zione. Kozizira koma kosaumitsa madzi, pafupi ndi windo, kutali ndi chitseko. Alowe chisanu chenicheni chisanagwe, atuluke chikatha. M'galajamo madzi ndi pang'ono, mwina kawiri pamwezi, chala chako ndicho chikuuze. Galaja yanu ili ndi windo loyang'ana kum'mawa. Nalonso ndinaliyeza.

Tsopano chachinayi, ndipo apa usaseke, kapena useke pang'ono. Abwana samwedwa. Sadyedwa, satafunidwa, salowa kukhitchini. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ukukumbukira, chifukwa ambulansi unaitana ndiwe. Chimfine chinandigwira amayi ako ali ku shifiti. Ndinaganiza kuti kwathu tsamba lililonse lonunkhira ndi mankhwala: bulugama, mandimu, mpungabwi. Nanga tsamba lonunkhira maswiti lingamuchite chiyani munthu? Ndinathyola odzadza manja, kuwiritsa, kufunda bulangete n'kudzifukiza. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma madziwo anaoneka okongola, ndiye ndinathira shuga n'kumwa kapu. Mwana wanga, ndinasanza zakudya za chaka chimenecho ndi za chaka chinacho. Miyendo inkavina yokha popanda ng'oma. Kuchipatala dokotala anayang'ana nthambi yomwe amayi ako anabweretsa n'kunena kuti anisi wothira m'zakudya ndi wina, uyu ndi msuweni wake chabe, ndipo ndi poizoni kuyambira tsamba mpaka chipatso. Amayi ako anadikira dokotala atuluke, n'kuwerama pakhutu langa. "Bambo a Zione, munawoloka nyanja zonse zija kudzaphedwa ndi duwa?" Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti dzanja lawo silidzakhudza mtengo umenewu pokhapokha litagwira nkhwangwa, ndipo amayi ako salumbira zabodza.

Ndikunena izi chifukwa apongozi ako akubwera kuchokera ku Chipata chaka chamawa. Ndawaona pa ukwati kudzera pafoni, ndi mayi wa mtundu wanga, woti akaona tsamba lonunkhira ketulo ili kale pamoto. Uwauze tsiku loyamba, asanavule nsapato. Tizipatso take timaoneka ngati tinyenyezi touma tija amagulitsa m'mashopu a zokometsera, ndiye ukationa uzitithothola n'kutaya. Ndipo kukadzabwera tianthu tokwawa, sindikukufulumizitsa ayi, ndangoti kukadzabwera, chimphika chidzatchingidwe. Ndabwereza: samwedwa.

Ndanyamukanso. Ndowa ija yandikana. Tsopano ndatsamira pa firiji yakale, ndipo chomwe chatsala ndi chomwe ndakhala ndikuchithawa kuyambira mzere woyamba.

Chachisanu chinachitika chaka chimodzi tiyi uja asanachitike, ndipo chimenechi sindinalakwire mtengo, ndinalakwira iwe. Abwana anachita maluwa koyamba mu Meyi, sabata ya tsiku lako lobadwa, ukukwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Maluwa ofiira moderako, a timanja tambirimbiri, obisala kunsi kwa masamba ngati akuchita manyazi. Ine chimwemwe chinandipenga. Ndinati anzako a kusukulu asachoke osaona zomwe mlimi wa ku Ntcheu wachita m'dziko la sinowo. Ndinakoka chimphika mpaka pabalaza, pambali pa keke. Panja sindinamve kanthu. Koma m'nyumba, mawindo otseka, anthu khumi akupuma, fungo linadzuka. Masamba ndi maswiti, koma maluwa ndi nsomba yogona padzuwa. Atsikana aja anayamba kuyang'anana. Wina wa tsitsi lofiira anagwira mphuno n'kufunsa kuti kodi m'nyumba muno mumadya chiyani. Ndipo ine, m'malo monena kuti ndi mtengo wanga, ndinaseka n'kuti, "Ndi usipa wa amayi ake, kwathu timadya zimenezo m'mawa, masana ndi madzulo!" Ndinateteza duwa n'kugulitsa mwana.

Lolemba lake anzako anakupatsa dzina lachipongwe kusukulu. Sunandiuze, ndinamva kwa amayi ako. Unasiya kutenga chakudya cha pakhomo, unkachapa jekete lako kawiri pasabata, ndipo kwa zaka ziwiri palibe mnzako anapondanso pakhomo pano. Ine ndinkaona zonsezo, koma ndinkangokuseka kuti Nangozo wasanduka mzungu. Pakamwa panga pamatuluka mawu chikwi pa ola, koma awa anakanirira zaka khumi ndi chimodzi. Pepa, mwana wanga. Silinali fungo la nyumba yathu, silinali la amayi ako, silinali lako. Linali la kudzitama kwa bambo ako. Ndiye mu Meyi Abwana azikhala panja, kutali ndi windo la kuchipinda, ndipo mlendo akafunsa uzimuuza zoona: ndi mtengo wa bambo anga, munthu wovuta.

Tsopano chifukwa chija. Msana wanga watha, Zione. Dokotala akuti mafupa awiri akudyana, ndipo mwezi wamawa andichita opaleshoni. Akuti miyezi ingapo ndisanyamule ngakhale ketulo yodzadza, ndisawerame, ndipo za chimphika ndiiwale mpaka kalekale. Amayi ako akudziwa. Ndinawapempha asakuuze ukwati usanadutse, chifukwa ndinkafuna kuvina. Ndipo ndinavina, iwe mboni, a ku Zambia onse anakhala pansi kuvomereza kuti agonja. Chomwe sunaone n'chakuti pobwerera ndinagona kumpando wakumbuyo ngati thumba la makala, ndikuluma tayi. Ngakhale chaka chatha, polowetsa Abwana m'galaja, unanyamula ndiwe wekha. Ine ndinangogwira m'mphepete n'kumakuwa kuti kweza, kweza, kenako n'kukauza anthu kutchalitchi kuti ndinanyamula ndi dzanja limodzi.

Usandiuze kuti a Tembo abwera kudzawalowetsa m'galaja ya kuno. Ndaganizapo kale. Akalowa, adzawathirira ndani ine ndili chigonere? Amayi ako ndanena kale za lumbiro lawo. Komanso akufuna galimoto izigona mkati chaka chino kuti ndisamayende pa ayezi ndi ndodo. Malo a Abwana atha kuno.

Ndipo usanamizire kuti umadana nawo kwambiri. Chaka chomwe ine ndi amayi ako tinapita kumudzi kukaika agogo ako, tinakhala sabata zisanu ndi imodzi, nyengo yozizira ili pakati. Sindinakupemphe kuti uziwathirira, manyazi anandigwira. M'ndege pobwerera ndinkadziwa kuti ndikapeza nkhuni. Ndinapeza dothi lonyowa bwinobwino, chimphika chitatembenuzidwa kuti mbali inayo ionenso windo, ndi thaulo lakale litatsekedwa kunsi kwa chitseko pomwe pamalowa mphepo. Nditakufunsa unakweza mapewa n'kuti mwina ndi mvula. Mvula ya m'galaja, mu Febuluwale! Ndiponso m'galimoto mwako, m'kabowo koika kapu, mumakhala masamba ouma ofikisidwa. Ine sindinaikemo. Amayi ako sangaikemo ngakhale atawalonjeza ulendo wa ku Dubai.

Chomaliza ndinene mwachangu ndisanasinthe maganizo. Ukudziwa mwambo wathu, mpongozi wamwamuna sangotulukira pakhomo pa mkamwini popanda nkhani. Amayi ako angathe, anyamula kapoto ka ndiwo n'kugogoda tsiku lililonse, palibe adabwe. Nanga ine ndikagogoda ndikati ndadzatani? Ndidzakhala pampando ngati katundu wosochera, a Tembo akusowa poyang'ana, ine ndikusowa poika manja. Anthu amati Oakville ndi pafupi, sitima imodzi yokha. Ayi, ndi kutali, ine ndili kumapeto kuno, iwe kutsidya kwa Toronto yense, kwa anthu omwe ngakhale agalu awo amavala majekete. Koma Abwana akakhala kumeneko, ine ndine mlangizi wa zaulimi. Msana ukapola ndizikwera sitima kamodzi pamwezi, ndi ndodo yanga, pa ntchito. Sindidzabwera kudzaona iwe, ndakuona zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndakhuta. Ndizidzangozungulira kuseri, kupisa chala m'dothi, kutembenuza masamba awiri atatu, kudandaula kuti simukuwasamala. Wina akadzatulukira pawindo n'kuti bambo lowani mumwe tiyi, sindidzakana, bola ndione kaye masamba omwe athiramo.

Nthambi ndazimanga, ndakulunga ndi chitenje chakale kuti mphepo isawamenye. Lero sindinawathirire kuti chimphika chipepukeko. M'vani aime chilili, kumbuyo kwa matiresi, osati chogona. Pofika muwaike pakona paja masiku awiri atatu, koma Lachitatu dzuwa lisanalowe akhale ali m'galaja. Pamafunika anthu awiri, ndipo uwauze a Tembo apinde mawondo, asapinde msana, angadzafanane ndi apongozi awo.

Mawa sindinena kanthu, ndalonjeza, ngakhale amayi ako akuti tsiku lomwe ndidzakhale chete nkhuku zidzayamba kulipira basi. Ndidzaima pakhonde n'kumalozera anthu ponyamula mabokosi. Katundu akatha, ndikamva ukuti, "A Tembo, tiyeni kuseri," ndidziwa. Ndikapanda kumva ndidzakubayibitsa ndi manja onse awiri chimodzimodzi, ndipo Lachitatu ndidzawafunditsa bulangete lija komaliza.

Mu envelopu muno ndaikamo tsamba limodzi. Usanayankhe, ulifikise pakati pa zala, utseke maso, ununkhize.

Kununkhiza kokha, Nangozo. Osatafuna.

Ndine bambo ako,
katswiri wa anisi m'Canada yense, poti wina wouma mutu chonchi sanapezeke.